Zida za mu fiyeta: yang'anani kunsonga musanafunse dzina

Funso: A Sisita, ndine wophunzira unamwino wa chaka chachiwiri, ndimakhala ku Chilenje. Mwezi wamawa gulu lathu liyamba kulowa mu fiyeta. Mayina a zida ndaloweza pazithunzi, koma tsiku lina atatitsegulira thireyi ya siza, opaleshoni yotulutsa mwana m'mimba, zonse zinkangooneka ngati masizasi. Ndiyambire pati kuti ndisamapereke chida cholakwika? Komanso anthu kukomboni amanena kuti madokotala amaiwala zida m'mimba mwa odwala. Kodi zimenezi zimachitikadi?

Yankho: Mnzathu, maso anu sakukunamizani. Zida zambiri za pathireyi ya siza zimafananadi ndi sizasi mukaziyang'ana kuchigwiriro: mphete ziwiri zolowetsamo zala, polumikizira pakati, basi. Kusiyana konse kuli kunsonga. Choncho mukatenga chida musathamangire kukumbukira dzina. Chitseguleni, muone m'kati mwa nsongazo, mudzifunse kuti nsonga zotere zingagwire chiyani osachiwononga.

Mayinawo ndi a anthu. Kocher anali dokotala wa ku Bern, ku Switzerland, amene analandira mphoto ya Nobel mu 1909. Spencer Wells anali wa ku London, Doyen wa ku France, ndipo Mayo ndi banja la madokotala a ku Rochester, ku America. Dzina lotere silikuuzani ngati chidacho ndi cha matumbo kapena cha khungu. Komanso mayina amasinthasintha. Chimene sisita wina amachitcha Spencer Wells, dokotala amene anaphunzira kunja angachitche haemostat, wina n'kungoti "artery". Mukadziwa ntchito ya chida mudzamva zimene akufuna ngakhale atatchula dzina lachilendo.

M'thupi muli zolimba ndi zofewa. Khungu ndi lolimba, chimodzimodzinso nembanemba yoyera imene imakuta minofu ya pamimba, imene mu fiyeta timaitcha sheath. Matumbo, chikhodzodzo, machubu a chiberekero ndi mitsempha ya magazi ndi zofewa. Chida cha mano ndi cha zolimba, chosalala kapena cha timizere tosaya ndi cha zofewa. Ophunzira amadabwa kumva kuti pakhungu chopanira cha mano ndicho chimawononga pang'ono. Chifukwa chake n'chakuti mano amakola khungu popanda kufinya kwambiri, pamene chopanda mano chimaterereka, ndiye wogwirayo amafinya mwamphamvu mpaka kutswanya m'mphepete mwa bala, ndipo potswanyika sipapola bwino. Koma mano omwewo akagwira thumbo amaliboola. Kabowoko mwina sikaoneka tsiku limenelo, koma patapita masiku angapo wodwala amatupa mimba ndi kutentha thupi, n'kubwereranso pa tebulo.

Tiyeni titsate siza kuyambira poyamba, chifukwa ndiyo opaleshoni imene mudzaiona kawirikawiri, kaya mudzatumizidwa ku zipatala zikuluzikulu za mu Lusaka za UTH ndi Levy Mwanawasa kapena ku zipatala za ku Chilenje, Matero, Kanyama, Chawama ndi Chipata. Amene waidziwa thireyi ya siza wadziwa kale zambiri za pathireyi ina iliyonse yotsegulira mimba.

Choyamba kugwira ntchito ndi chopanira chachitali chokhala ndi mphete kunsonga, chotchedwa sponge holder kapena Rampley. Chimagwira swab, kansalu kopukutira, yopindidwa yoviikidwa mu povidone iodine kapena chlorhexidine, imene imakhala m'kambale kakang'ono kotchedwa gallipot. Potsuka timayambira pamene padulidwe n'kumapita kunja, osabwereranso pakati ndi swab yomweyo. Chopanira chimene chatsuka khungu sichibwerera pathireyi. Ngati mankhwala otsukirawo ali ndi spiriti, dikirani aume ndithu musanafunde nsalu, ndipo onani kuti sanadikhe pansi pa msana kapena pamchombo, chifukwa makina owotchera mitsempha a diathermy amatha kuyatsa spiritiyo ndipo moto wake suoneka bwino pansi pa nyali za mu fiyeta. Nsalu zimamangidwa ndi towel clip, kachida ka nsonga ziwiri zakuthwa zokhota. Zimenezi zimabaya, choncho onani kuti zagwira nsalu, osati khungu la mayi, ndipo clip imene yaboola kale nsalu musaichotse n'kuibayanso pena, chifukwa nsonga zake zakhudza zapansi zosaphika, zimene zingakhale ndi tizilombo.

Dokotala asanadule adzapempha chopanira cha mano kuti atsine khungu, aone ngati jekeseni wa pamsana wagwira. Kenako mpeni. Mpeni wa opaleshoni uli ndi magawo awiri, chigwiriro ndi lezala, ndipo apa manambala muwaloweze chifukwa sasintha. Chigwiriro nambala 3 chimalandira malezala ang'onoang'ono: 10, 11, 12 ndi 15. Chigwiriro nambala 4 chimalandira akuluakulu, kuyambira 20 mpaka 24. Nambala 7 ndi chachitali, chopyapyala, cha m'malo akuya, ndipo chimalandira malezala omwewo a chigwiriro nambala 3. Lezala 22 silingalowe pachigwiriro nambala 3 ngakhale mutalikakamiza bwanji. Pa siza kawirikawiri timagwiritsa ntchito lezala lalikulu pachigwiriro nambala 4. Lezala 10 lili ndi mimba yokhota yodulira khungu, 15 ndi laling'ono la ntchito zosamalitsa monga pankhope, pazala kapena pa ana, pamene 11 ndi losongoka, lobayira, monga potumbula chithupsa kapena poboola polowetsa chubu chotulutsa madzi.

Lezala saika ndi zala. Ligwireni ndi needle holder, chida chogwirira singano, kumsana kwake, kutali ndi kukuthwa, mulunjikitse kupendeka kwa tsinde la lezala ndi kupendeka kwa chigwiriro, mulowetse m'kanjira mpaka limveke kuti the. Pochotsa, nyamulani pang'ono tsinde lake ndi needle holder n'kukankhira kutsogolo, nsonga italoza pansi, kutali ndi inu ndiponso kutali ndi anzanu. Mpeni supatsirana dzanja ndi dzanja. Umaikidwa m'mbale ya kidney dish, inu n'kunena mokweza kuti "mpeni", dokotala atenge yekha ndi kubwezera momwemo.

Akadutsa mafuta a pansi pa khungu amafika pa sheath. Amaicheka pang'ono ndi mpeni n'kuikulitsa ndi sizasi, ndipo apa m'pamene ophunzira ambiri amalakwitsa koyamba. Masizasi akuluakulu pathireyi ndi amitundu iwiri. Ya Mayo ndi yonenepa, yolemera, ndipo mbali yodulayo ndi yaitali poyerekeza ndi chigwiriro. Yokhota ndi yodulira zolimba monga sheath, yowongoka ndi yodulira ulusi. Ya Metzenbaum ndi yowonda, chigwiriro chake chachitali, nsonga zazifupi zobuntha; ntchito yake ndi kudula ndi kulekanitsa zofewa. Dokotala amailowetsa yotseka pakati pa nembanemba ziwiri n'kuitsegula ili momwemo, nembanembazo n'kulekana popanda kudulidwa. Metzenbaum ikadula ulusi, gauze kapena chubu imabuntha msanga, ndipo sizasi yobuntha imatafuna mnofu m'malo modula. Wina akakupemphani sizasi atagwira ulusi m'manja, mpatseni Mayo yowongoka. Zida zokhala ndi mphete za golide si zokongoletsa ayi: golideyo ndi chizindikiro chakuti kunsonga kuli chitsulo cholimba kwambiri cha tungsten carbide, ndipo ndi zokwera mtengo.

Kuti anyamule sheath n'kuilekanitsa ndi minofu, dokotala amaigwira ndi Kocher. Itsekuleni muone: ili ndi timizere topingasa, ndipo kunsonga kwenikweni kuli dzino limodzi lolowa pakati pa mano awiri. Imagwira mwankhanza ndipo siitaya. Pa sheath ndi yabwino. Pathumbo kapena pachikhodzodzo ndi ngozi. Vuto n'lakuti ikakhala yotseka imafanana kwambiri ndi artery forceps, ndiye musapereke chida chotseka musanaone nsonga yake.

Ma artery forceps ndiwo ochuluka pathireyi. Ntchito yawo ndi kupana mtsempha umene ukutaya magazi mpaka umangidwe ndi ulusi kapena uwotchedwe. Alibe dzino, ali ndi timizere tokha. Aang'ono kwambiri amatchedwa mosquito, apakati ndi Spencer Wells, Crile kapena Kelly, ndipo aatali okhota monga Roberts ndi a m'malo akuya. Kelly mungamuzindikire chifukwa timizere take timathera pakati pa nsonga, pamene ta Crile timafika mpaka polumikizira. Pafupi ndi mphete pali timano totsekera, ratchet, kawirikawiri titatu. Pamtsempha waung'ono dzino loyamba kapena lachiwiri limakwana; kufinya mpaka lachitatu pa chinthu chokhuthala kumapinda nsonga. Phunzirani kutsegula ratchet ndi dzanja limodzi, lamanja ndi lamanzere lomwe, chifukwa dokotala akamamanga mtsempha adzakuuzani kuti mutsegule pang'onopang'ono pamene mfundo yoyamba ikukhwima. Mukatsegula msanga mtsempha umathawira m'kati n'kumataya magazi pamene sakuwona. Ndipo chonde artery forceps si pulayala. Amene amaigwiritsa ntchito kupanira chubu cha suction chopopera magazi, kutsegulira botolo kapena kugwirira singano ndiye amene amachititsa kuti mawa ilephere kugwira mtsempha.

Nembanemba yopyapyala ya m'kati mwa mimba, peritoneum, imanyamulidwa ndi ma artery forceps awiri, dokotala n'kuona kuti thumbo silinagwidwe limodzi, kenako n'kuidula pakati pawo. Ena amangoiboola ndi chala. Mimba ikatseguka pamafunika chokokera, retractor. Cha siza ndi Doyen: chachikulu, chotambalala, chokhota ngati khasu lopindika. Chimakokera pansi m'mphepete mwa bala n'kuteteza chikhodzodzo. Chimachotsedwa mutu wa mwana usanatuluke kuti chisatseke njira kapena kuvulaza mwana, n'kubwezeredwa mwana akatuluka. Langenbeck ndi chaching'ono, nsonga yake yopindika ngati chilembo L, cha mabala osaya ndi pokoka khungu potseka sheath. Deaver ndi chachitali chokhota cha m'kati mwenimweni, monga ponyamula chiwindi, ndipo pansi pake pamaikidwa swab yonyowa. Balfour imadzigwira yokha, imatsegula mimba mbali zonse popanda womukoka. Mukapatsidwa retractor kuti mugwire, gwirani pamene dokotala waiika ndiponso ndi mphamvu imene waisiyira. Kukoka kwambiri kumang'amba mitsempha ndi kufinya minyewa, ndipo kuisuntha kuti inuyo muone bwino kumamutsekera iye.

Chiberekero chimachekedwa pang'ono chabe kumunsi kwake ndi mpeni, kenako n'kukulitsidwa ndi zala. Mpeni uchoke msanga pamalopo chifukwa mwana ali pafupi. Madzi akatuluka, suction ikhale yokonzeka. Nsonga ya Yankauer ili ndi kamutu kobulungira, ndi ya magazi ndi madzi wamba; ya Poole ili ndi chivindikiro cha timabowo tambiri, kuti popopa madzi ochuluka m'mimba isayamwe matumbo. Mwana akatuluka, mchombo umapanidwa pawiri n'kudulidwa pakati.

Tsopano m'mphepete mwa chiberekero mukutuluka magazi ambiri, ndipo chida chake ndi Green-Armytage. Nsonga zake ndi zotambalala, za makona atatu, za timizere, zopanda mano. Zimafinya mitsempha ya m'mphepetemo popanda kung'amba mnofu wa chiberekero, umene panthawiyi umakhala wofewa. Konzani zinayi: ziwiri za m'makona a balalo, zina za m'mphepete. M'makona ndi mofunika kwambiri chifukwa mitsempha ikuluikulu ya chiberekero imadutsa chapafupi, ndipo kona imene yaphonyedwa posoka imapitiriza kutaya magazi mimba itatsekedwa. Pamene Green-Armytage palibe, sponge holder yopanda swab imagwira ntchitoyi. Ndi sponge holder yomweyo imene azamba ndi madokotala amagwirira khomo la chiberekero pofufuza ngati lang'ambika mayi atachira.

Pali zida ziwiri zimene zimasokoneza ngakhale anamwino amene akhalitsa: Allis ndi Babcock. Allis ili ndi mzere wa timano ting'onoting'ono kunsonga. Imagwira zolimba, kapena chinthu chimene chikuchotsedwa ndithu, monga chotupa. Babcock ili ndi nsonga zobulungira za zenera pakati, zopanda mano, ndipo imazungulira chinthu m'malo mochifinya. Ndiyo yogwirira appendix, thumbo, ndiponso chubu cha chiberekero pamene mayi wapempha kutseketsa. Dokotala akanena Babcock inu n'kupereka Allis, chubu kapena thumbo lingabooke. Zopanira zogwira ngati cholembera, ma dissecting forceps, zimatsata mfundo yomweyo: cha mano pakhungu ndi pa sheath, chopanda mano m'kati. Adson ndi chaching'ono cha pakhungu, Bonney ndi cholemera cha pa sheath, DeBakey ndi cha timizere tosalala cha mitsempha ndi matumbo.

Posoka, needle holder mudzaizindikira chifukwa nsonga zake ndi zazifupi, zonenepa, ndipo timizere take ndi topingasana ngati ukonde, osati topita mbali imodzi monga ta artery forceps. Yodziwika kwambiri ndi Mayo-Hegar. Singano igwireni ndi kunsonga kwa needle holder, mopingasa, pamalo amene ali magawo awiri mwa atatu kuchokera kunsonga ya singanoyo. Mukaigwira pamene palowa ulusi imapindika kapena kuthyoka, chifukwa pamenepo m'pofooka. Mukaigwira pafupi ndi nsonga imabuntha ndipo siyenda mtunda wokwanira. Needle holder ilingane ndi singano: yaikulu imaphwanya singano yaing'ono, yaing'ono imawonongeka ndi singano yaikulu. Onaninso dzanja limene dokotala amasokera, chifukwa kwa wamanzere singano imayang'ana mbali ina.

Singano nazo zili pawiri. Yobulungira, round-bodied, imalekanitsa mnofu popanda kuudula, ndiye ndi ya chiberekero, matumbo ndi peritoneum. Yodula, cutting, ili ndi makona atatu akuthwa, ndi ya khungu. Singano yodula pachiberekero imasiya mabowo otuluka magazi, yobulungira pakhungu imakana kulowa mpaka kupindika. Chithunzi chili papaketi: kabwalo kokhala ndi dontho pakati ndi yobulungira, makona atatu ndi yodula. Kukula kwa ulusi kumawerengedwa chobwerera: nambala 2 ndi wonenepa kuposa 1, nambala 1 kuposa 0, ndipo ziro zikamachuluka ulusi ukuwonda, kotero 2/0 ndi wonenepa kuposa 4/0. Chiberekero chimasokedwa ndi ulusi wosungunuka wokha, monga Vicryl 1 kapena chromic catgut. Sheath imafuna ulusi wolimba wokhalitsa chifukwa ndiyo imagwira mimba. Ikamasuka, bala limaphulika kapena wodwala amadzatuluka chophuka. Pakhungu, ngati ndi nylon, kawirikawiri ndi 2/0 kapena 3/0, pamene pankhope timatsika mpaka 5/0 kapena 6/0. Musanatsegule paketi werengani mokweza dzina, nambala ndi mtundu wa singano, chifukwa yotsegulidwa molakwika yatayika.

Kaperekedwe kake: chida chifike m'dzanja la dokotala chotseka pa dzino loyamba, mphete zitaloza kwa iye, kukhota kwake kutayang'ana kumene agwirire ntchito, ndipo chimugunde pang'ono pachikhatho kuti adziwe kuti chafika osachotsa maso pabala. Chikabwerera, chipukuteni ndi swab yonyowa ndi madzi ophika, osati saline, chifukwa mchere umadya chitsulo.

Za diathermy tinene mwachidule. Ya monopolar imafuna pleti pathupi la wodwala kuti magetsi abwerere kumakina. Pletiyo iikidwe pamnofu wochindikala, pouma, popanda ubweya wambiri, monga pantchafu, osati pafupa, pachipsera kapena pafupi ndi chitsulo choikidwa m'thupi. Ikagwira mbali imodzi yokha, magetsi onse amadutsa pakamalo kakang'ono n'kuwotcha khungu. Cholembera chake chikhale m'chikwama chake pamene sichikugwira ntchito, osati pamimba pa wodwala. Ya bipolar siifuna pleti chifukwa magetsi amangodutsa pakati pa nsonga ziwiri za chopaniracho.

Kunja kwa siza mudzakumana ndi speculum ya Cusco, ya milomo iwiri ngati ya bakha, imene imagwiritsidwa ntchito poyeza khomo la chiberekero ndi viniga, ndi ya Sims imene imafuna woigwira. Mudzaonanso ma dilator a Hegar otsegulira khomo la chiberekero, amene amalowetsedwa motsatana kuyambira waung'ono popanda kudumpha, ndi sirinji ya MVA yotsukira m'chiberekero mayi akapita padera. Za mafupa, monga sowo ya waya ya Gigli ndi osteotome, mudzaziphunzira pathireyi yake.

Chida chabwino chimawonongekera kotsukira kuposa pa tebulo. Magazi akaumira polumikizira ndi m'timizere sachoka, ndipo nthunzi yophikira zida siingaphe tizilombo tobisala pansi pa litsiro. Zida zitsukidwe msanga, zotsegula, ndi burashi yofewa, madzi ndi sopo wake, burashiyo ili pansi pa madzi kuti zisakuthovukireni kumaso. Waya wokwechera mapoto asayandikire. Mudzapeza malo ambiri akuviikabe zida mu chlorine ya 0.5% kwa mphindi 10 asanatsuke. Ngati botolo lalembedwa 3.5%, muyeso wake ndi gawo limodzi la mankhwala ku magawo 6 a madzi. Dziwani kuti malangizo a 2016 a WHO, bungwe la zaumoyo padziko lonse, sakulimbikitsanso kuviika kumeneku, chifukwa chlorine imadya chitsulo ndipo magazi amaifooketsa. Tsatirani ndondomeko ya chipatala chanu, koma kumene akuviikabe, mphindi 10 zisapitirire. Zida zogona mu chlorine zimatuluka ndi timaenje takuda mmene tizilombo timabisala. Kuno ku Lusaka palinso nkhani ya madzi. Mzindawu wakhala pamiyala ya laimu, ndipo madzi a m'mijigo amasiya zoyera zija mumaziona m'ketulo. Zomwezo zimamatira pazida ndi m'kati mwa autoclave, makina ophikira zida ndi nthunzi, choncho potsukuluza komaliza ndiponso m'makinamo mufunika madzi otchezedwa, a distilled.

Musanakulunge, yesani chida chilichonse. Sizasi idule bwino mpaka kunsonga, osatafuna. Artery forceps itsekeni n'kuiyang'anitsa kunyali: nsonga zikumane, ndipo mukaimenyetsa pang'ono pachikhatho ili pa dzino loyamba isatseguke yokha. Needle holder ikagwira singano, singanoyo isazungulire mukaikankha ndi chala. Cholephera chichotsedwe pathireyi n'kulembedwa, osati kubwezeredwa kuti wina akavutike nacho usiku.

Mu autoclave zida zimalowa zotsegula, chifukwa nthunzi imapha pokhapo pamene yakhudza. Pa madigiri 121, zokulungidwa zimafuna mphindi 30, zosakulungidwa 20, kuwerenga kuyambira pamene kutentha ndi mphamvu ya nthunzi zafika pamlingo, osati pamene mwayatsa. Makina opopa mpweya amafika madigiri 134 ndipo amangofuna mphindi zitatu kapena zinayi. Malaiti akazima pakati, nthawi imayambiranso pa ziro. Tepi ya mizere yakuda imangosonyeza kuti paketi inalowa mu nthunzi, siikutsimikizira kuti m'kati mwapsa, n'chifukwa chake timaikanso chizindikiro m'kati mwa paketi. Paketi yotuluka yonyowa, yong'ambika kapena yogwa pansi ndi yakuda. Kuwiritsa m'madzi kwa mphindi 20 kumapha tizilombo tambiri koma osati njere zolimba za tizilombo monga ta kafumbata, ndiye si njira yophikira zida zolowa m'mimba.

Mukadzibaya ndi singano kapena lezala, nenani nthawi yomweyo, vulani magolovesi, tsukani ndi sopo pamadzi oyenda osafinya balalo, ndipo kaonaneni ndi oyang'anira PEP, mankhwala oteteza ku HIV, tsiku lomwelo. Mankhwalawa amayenera kuyambidwa maola 72 asanathe, makamaka m'maola oyambirira, ndipo amamwedwa masiku 28. Ngati simunabayitse katemera wa hepatitis B, bayitsani musanalowe mu fiyeta.

Tsopano funso lanu lachiwiri. Inde, zimachitika, ndipo zachitikapo m'mayiko olemera ndi osauka omwe, ngakhale si kawirikawiri. Koma chimene chimatsala nthawi zambiri si sizasi monga amanenera kukomboni. Ndi swab. Swab ikamwa magazi imafanana ndi mnofu, imakwinyika n'kubisala kuseri kwa chiberekero kapena pansi pa matumbo. Ngozi imakula pa opaleshoni yadzidzidzi, pamene magazi atayika ambiri, pamene opaleshoni yasintha pakati, pa wodwala wonenepa kwambiri, ndi pamene anamwino asinthana ntchito ili m'kati. Swab yotsala imachititsa mafinya, kutentha thupi, chotupa kapena kutsekeka kwa matumbo, nthawi zina patapita miyezi kapena zaka.

Chotchinga chake ndi kuwerenga, ndipo imeneyi ndi ntchito ya anamwino awiri: amene wasamba m'manja n'kuvala zophika, ndi amene akuyendayenda kunja kwa tebulo. Amawerenga mokweza, onse akuona chinthu chimene chikuwerengedwacho, swab iliyonse yotambasulidwa payokha, kenako singano, malezala ndi zida, n'kulemba pabolodi. Zimawerengedwa opaleshoni isanayambe, chiberekero kapena chiwalo china chamkati chisanatsekedwe, mimba isanatsekedwe, ndiponso potseka khungu, kuphatikizapo pamene namwino wina akulowa m'malo mwa mnzake. Chilichonse chowonjezedwa pakati chimalembedwa nthawi yomweyo. Paketi ya ma swab ikapezeka kuti ili ndi ochuluka kapena ochepa kuposa olembedwa, yonse imatulutsidwa m'chipindamo. Swab saidula, ndipo palibe swab, nsalu kapena chinyalala chotuluka mu fiyeta kuwerenga komaliza kusanathe, ngakhale chopita ndi mwana kwa azamba. M'mimba mumalowa ma swab akuluakulu okha okhala ndi kaulusi kooneka pa X-ray. Ang'onoang'ono amalowa atapanidwa ndi sponge holder. Onaninso kuti chida chabwerera chathunthu: sikuluu ya retractor, nsonga ya singano yothyoka, chivindikiro cha Poole. Mndandanda wa WHO wa chitetezo pa opaleshoni, umene unatuluka mu 2008 ndipo uli ndi mfundo 19, umafuna kuti namwino anene mokweza kuti kuwerenga kwakwana wodwala asanatuluke m'chipindamo.

Kukapanda kukwana, nenani pomwepo, ngakhale ndinu wophunzira ndipo amene akusokayo ndi dokotala wamkulu. Mawu ake ndi achidule: "A Dokotala, swab imodzi sikuoneka." Kutseka kumaima. Dokotala amafufuza m'mimba, inu mumafufuza pathireyi ndi m'mapindo a nsalu, mnzanu wakunja amafufuza m'ndowa, pansi, kunsi kwa tebulo ndi kunsi kwa nsapato za aliyense, pamene singano zing'onozing'ono zimakonda kumatirira. Kenako mumawerenganso kuyambira poyamba. Chikapanda kupezeka, wodwala ajambulidwe X-ray asanachoke mu fiyeta ngati thanzi lake likulola, ndipo zonse zilembedwe m'faelo yake: chimene chinasowa, amene anauzidwa, ndi zimene zinachitidwa.